Khofi wa pa siling'i

Chithunzi chija mwachiona kale, ndikudziwa. Alamu anga anachimwaza pa WhatsApp madontho asanaume n'komwe. Eya, ndine ndaima pakati pa khitchini uja, malaya ali chonyowa, njere ya khofi itandimatirira pachipumi. Koma musanandipatse dzina latsopano, imvani kaye mbali yanga, chifukwa pa mlandu umenewu wolakwa wamkulu ndi Chingerezi.

Pa paketi panalembedwa mawu aakulu akuti "blend". Tsono inu nenani chilungamo. Pali makina otchedwa blender, ukaponyamo chinthu chimatuluka chitanyenyeka. Ndiye munthu woti anapita kusukulu ukaona "blend" pa paketi umaganiza chiyani? Umati zam'katimu zinadutsa kale m'makinamo, kwatsala n'kuthira madzi basi. Ndi mmene ndinaganizira ine pamene alamu ankatuluka, makiyi ali m'manja, n'kunena kuti, "Alamu, tawapangirani abambo khofi, ine ndikatenge ana."

Nditatsegula paketi ndinapeza njere zathunthu. Ndinaziona ndithu, sindikana. Koma ndinati mwina ndi khofi wosungunuka yemwe uja wa m'chitini, kungoti wa anthu a ndalama amakhala wa mibulu ikuluikulu. Ndinatapa masupuni awiri, kuthira madzi owira, n'kuyamba kutakasa.

Njere zija zinayandama. Zonse. Zinkangozungulira m'kapu mwaulemu, ina pambuyo pa inzake, ngati timibulu ta mbuzi tatengedwa ndi madzi a mvula. Ndinaziwerenga, zinalipo 23. Ndinasiya kutakasa kuti mwina zikuchita manyazi, zinaima n'kumandiyang'ana. Imodzi inatembenuka chagada, kamng'alu kake kaja kali m'mwamba, ndipo mpaka lero ndimalumbira kuti inkandiseka. Ndinaikanikiza ndi supuni kuti imire, inathawira mbali. Ndinaipanikizira kukhoma la kapu, inadumpha n'kukagunda fuliji, kenako inagubudukira kunsi komwe dzanja silifika. Zinatsala 22. Patatha mphindi khumi madzi aja anali ndi mtundu wa madzi otsukira mbale, ndipo kukoma kwake kunali komweko. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti njere yokazinga imakhala ndi timibowo tambiri ta mpweya m'kati, n'chifukwa chake siimira. Tsiku limenelo ndinkangoti ndi mwano.

Kuchipinda chochezera kunamveka mawu a apongozi anga, abambo aja. "Apongozi, kodi khofiyo mwachita kukadzala?"

"Wangotsala pang'ono, bambo!"

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera, zija zimabwera munthu ukapanikizika. Ndinati, ohoo, "blend" ameneyu ndi lamulo, akundiuza chochita! Blender inali pomwepo pakona. Ndinakhuthuliramo za m'kapu zija, kuwonjezera njere zodzaza dzanja, n'kuthira madzi a m'ketulo mpaka pafupi ndi kukamwa. Ndinatseka chivindikiro mwamphamvu, n'kudina batani lomalizira, chifukwa munthu wamkulu akudikira sungayambire pa 1.

Phuu!

Madzi otentha akamenyedwa ndi timipeni tija, nthunzi ndi mpweya wotsekeredwa m'katimo zimafufuma nthawi imodzi, ndipo khomo lotulukira ndi limodzi lokha. Chivindikiro chinapita kumwamba ngati chaitanidwa. Njere zinawaza makoma, mawindo ndi mapoto, phokoso lake ngati matalala pa malata. Ndinazimitsa, mkono ukuwawa pomwe madzi anandiwaula, kenako kunangoti zii. Ndiyeno siling'i inayamba kuvumba. Dontho. Dontho. Njere. Dontho.

Nditacheuka ndinapeza apongozi ali pakhomo, nyuzi ili m'manja. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine. Dontho limodzi linawagwera padazi n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumphuno. Analitola ndi chala, analawa, anaganiza kaye.

"Shuga mwaiwala," anatero, n'kubwerera kukakhala.

Alamu atafika anayamba ndi kujambula, maphunziro anabwera pambuyo. Akuti "grind" ndi kugaya kapena kupera: umatenga chinthu cholimba, chouma, n'kuchiphwanya mpaka chikhale tizidutswa kapena ufa, ndipo chimakhala chinthu chomwecho, kungoti chachepa. "Blend" ndi kusakaniza zinthu ziwiri kapena zingapo mpaka osathanso kuzilekanitsa. Pa paketi paja mawuwo ankangotanthauza kuti muli mitundu iwiri ya khofi, arabica ndi robusta, ndipo robusta ndi uja wowawirapo, wokhala ndi caffeine, chija chimathamangitsa tulo, wochuluka pafupifupi kawiri. Kugaya sikunatchulidwepo. Anandilozera m'munsi mwa paketi pomwe panali timalemba tating'ono ngati nyerere takuti "whole bean", kutanthauza njere zosagaya. Ndani amawerenga pamenepo?

Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kachigayo ka khofi, kokhala ndi chogwirira chopukusa. Ndinali nditakaona kale, ndinkayesa n'ka tsabola. M'kati mwake muli mano awiri okhakhala amene amafinya njere pakati pawo kuti zituluke zofanana kukula, ndipo umatha kusintha kuti ufa ukhale wosalala wa espresso, khofi wamphamvu wa m'kakapu kakang'ono, kapena wamisere. Madzi sayandikirako. Blender imafuna zamadzimadzi kuti zizizungulira n'kumakokera zinthu pansi pomwe pali mipeni. Ukaikamo njere zouma zimangodumphadumpha, zina n'kusanduka fumbi, zina n'kutsala zathunthu.

Ndinamvetsera zonsezo ndili pamwamba pa mpando ndi chikolopa. Komabe mfundo yanga sindinaitaye. Ngati ntchito ya blender ndi kusakaniza, mipeni ikufunamo chiyani? Supuni imasakaniza, ilibe mpeni. Ife tili ndi kugaya, kupera, kusinja, kutibula, kusakaniza, ndipo sindinamvepo munthu atatumidwa kukasinja iye n'kukasakaniza. Usiku umenewo ndinafufuza pa intaneti kuti ndipeze mboni, ndipo ndinapeza kuti Stephen Poplawski, amene anatulukira makinawa ku America mu 1922, anawapangira kusakaniza zakumwa za mkaka. Za njere analibe nazo ntchito. Mboni yanga yomwe inandigwetsa, ndiye alamu sindinawauze.

Siling'i ndikukapenta Loweruka, penti ndagula ndekha. Apongozi masiku ano ndikawafunsa chakumwa amayankha msanga kuti madzi ozizira akwana, ndipo amadzuka kukatunga okha. Njere ija ya kunsi kwa fuliji ikadali komweko. Alamu akuti dzulo ina yagwa kuchokera pa nyale n'kugwera m'mbale ya mwana, koma imeneyo sindikuivomera, mwina ndi ya anthu ena.