Mmene Tinayambira Kampani Yofufuza Zakale Makina Asanadutse

Kampani yathu ndi yaing'ono, ndipo anthu ambiri amaidziwa pokhapokha akafuna kulambula msewu, kukumba ngalande za ulimi wothirira kapena kutsegula mgodi. Ntchito yathu ndi kuyenda wapansi m'malo amene makina adzadutse, kufufuza ngati mulibe manda, mabwinja a midzi yakale, ng'anjo zosungunulira chitsulo, zojambula za pamiyala kapena akachisi operekera nsembe, kenako kulemba lipoti lopita kwa mwini ntchitoyo komanso ku nthambi ya boma yoona za zipilala ndi zinthu zamakedzana.

Ndinaphunzira mbiri yakale ku Chancellor College ku Zomba, koma luso limene ndikudyera lero ndinalipeza m'maenje, pamene ndinali wothandizira akatswiri ofukula zakale ku Karonga ndi ku Dedza. Ku Karonga munthu amaphunzira kuleza mtima, chifukwa m'dothi la kumeneko ndi mmene J. Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala pamudzi wa Mwanganda m'zaka za m'ma 1960, ndipo ku Uraha n'kumene gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha munthu wamakedzana mu 1991. Zinthu zotere sizipezeka chaka chilichonse. Masiku ambiri a wofukula amathera pa kusefa dothi, kulemba manambala pa timatumba ndi kujambula mmene nthaka yasanjikizanira m'khoma la dzenje, ndipo amene amanyozera ntchito zimenezi sachedwa kuisiya ntchitoyo.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kuwerenga mapale. Keith Robinson, amene anafufuza m'mbali mwa nyanja chakumwera m'zaka za m'ma 1960, anathandiza kukhazikitsa ndondomeko ya mitundu ya mbiya imene tikugwiritsabe ntchito, ndipo mitunduyo imadziwika ndi mayina a malo: Nkope, Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi. Phale lokhuthala la mtundu wa Nkope, lokhala ndi zolembalemba pafupi ndi mlomo, limasonyeza alimi oyambirira odziwa kusula chitsulo amene anakhala kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene la Mawudzu limatifikitsa m'nyengo ya Amaravi. Mbiya za Mawudzu n'zimene Yusuf Juwayeyi anazipeza zochuluka ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Munthu wodziwa kusiyanitsa mapale amenewa atha kunena tsiku lomwelo ngati malo akufunika kufukulidwa mosamala kapena ngati kujambula ndi kulemba kokha n'kokwanira, ndipo chiweruzo chimenecho ndicho chimene makasitomala athu amalipira.

Ganizo loyambitsa kampani linabwera nditaona kuti ntchito zikuluzikulu zikuchuluka, monga mgodi wa Kayelekera umene unatsegulidwa mu 2009 ndi njanji yopita ku doko la Nacala yodutsa ku Mwanza ndi ku Neno, pamene Amalawi ochita kafukufuku wamtunduwu paokha anali ochepa. Lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zamakedzana limaletsa kufukula popanda chilolezo cha boma, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank amafuna kuti zachikhalidwe ziunikidwe ntchito isanayambe. Tinalembetsa kampani, tinagula GPS (kachipangizo kosonyeza pamene malo ali pamapu), kamera, masefa ndi matenti, ndipo galimoto tinkachita kubwereka.

Vuto lalikulu la bizinesi imeneyi ndi loti kasitomala amakulipira akuyembekezera kuti umuuze kuti palibe chilichonse. Ukapeza ng'anjo pakati pa malo odutsa msewu, ndiye kuti wamubweretsera kuchedwa ndi ndalama zina zoti aononge. Woyang'anira ntchito wina anatipempha poyera kuti malo amene tinapezapo mapale ambiri tiwalembe ngati munda wamba, tinakana, ndipo kampani yake sinatiitanenso. Komabe mainjiniya odziwa ntchito amazindikira kuti kusuntha mzere wa msewu papepala n'kotchipa kusiyana ndi kuimitsa makina kwa milungu ingapo mafupa a anthu atatulukira m'nthaka, ndipo anthu oterewa ndi amene atipatsa ntchito mobwerezabwereza.

Gawo lalikulu la ntchito yathu, limene m'kalasi silinkatchulidwa kawirikawiri, ndi kukhala pansi ndi anthu. Sitiponda malo tisanakaonekere kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu ndi kwa nyakwawa, ndipo timapempha kuti atipatse akuluakulu, amayi ndi abambo omwe, oti ayende nafe. Manda akale amene alibe mitanda kapena simenti GPS singawaone, koma gogo wa m'mudzimo amaloza kankhalango n'kunena kuti umo munagona ana amene anamwalira ndi nthomba. M'chigawo chapakati muli madambwe a Gule Wamkulu amene munthu wosameta salowamo, choncho timalemba ntchito anyamata ometa a m'deralo kuti atisonyeze malire okha, ndipo pamapu opita kwa kontirakitala timangolemba kuti malowo apewedwe popanda kufotokoza zamkati. N'chimodzimodzi ndi zojambula zoyera za ku Chongoni, dera la malo 127 limene UNESCO inalizindikira mu 2006: zina mwa izo n'zokhudza chinamwali, ndipo si tanthauzo lililonse limene amayi amatiuza loyenera kulembedwa m'lipoti. Pamene manda sangapewedwe, kusamutsa mafupa kumafuna chilolezo cha abale, mafumu, khonsolo ya boma ndi azaumoyo, ndipo kasitomala wofuna kuthamangitsa zimenezi timamuuza kuti apeze ena.

Pankhani ya ndalama, ntchito yathu imayendera nyengo. M'dzinja udzu umabisa nthaka ndipo misewu ya kumidzi imavuta, kotero kafukufuku wabwino amachitika kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, tchire litapsa ndipo zigwembe zili poyera, pamene miyezi yotsalayo timalemba malipoti ndi kudikira malipiro amene amachedwa. Aganyu a m'mudzi timawalipira pamapeto a sabata iliyonse ngakhale kasitomala asanatipatse kanthu. Makala ofukulidwa m'maenje, amene amapimidwa kuti tidziwe zaka za malowo, timatumiza kunja ndipo timalipira m'madola, moti kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinayamba kusankha mosamala zitsanzo zochepa zokha zoti zikapimidwe.

Posachedwapa tawonjezera ntchito ina imene ikutithandiza m'miyezi yopanda kafukufuku, yophunzitsa oyendetsa makina okumba ndi akapitawo awo. Timawagwiritsa m'manja mapale, zotsalira za m'ng'anjo ndi mikanda kuti azizindikire, n'kuwauza zoyenera kuchita akazipeza: kuzimitsa makina, kutchinga malowo ndi chingwe, kusatola kanthu, ndi kudziwitsa kapitawo kuti aimbire akuluakulu a boma oona za zinthu zamakedzana tsiku lomwelo.