Selo nalo limafuna pogwira

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kwa masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu umodzi wa m'kalasi mwathu, wa mmene kulimba kapena kufewa kwa mnofu kumakhudzira maselo a khansa akafika ku ubongo, ndipo zandilowa dzulo ndili m'munda mwa amayi kuno ku Bembeke.

Za dokotala Stephen Paget tonse m'kalasi tinaloweza: mu 1889, ataunika za amayi 735 omwe anamwalira ndi khansa ya m'mawere, anati khansa ikamafalikira ili ngati mbewu, imamera pomwe yapeza nthaka yoiyenera m'thupi. Tikudziwanso kuti khansa zomwe zimakonda kuthawira ku ubongo ndi ya m'mapapo, ya m'mawere ndi ya pakhungu yotchedwa melanoma. Chinkandizunguza ine n'china. Chotupa cha m'bere chimalimba, n'chifukwa chake amayi amalangizidwa kuti azidzipapasa. Kolajeni, ulusi wolimbitsa mnofu, amachuluka, puloteni yotchedwa LOX n'kumamumanga ulusi ndi ulusi, ndipo kulimbako kumathandiza maselo kuswana ndi kuyenda. Nanga ubongo? Ubongo ndi wofewa kwambiri, pafupifupi 1 kPa (kPa ndi muyeso wa kulimba) kapena kucheperapo, kolajeni wa ulusi ndi wochepa, mwadzaza hyaluronic acid wosunga madzi. Ndiye selo lokulira pa nsima yolimba likagwera m'phala, lipulumuka bwanji? Papepala ndinkayankha, koma mumtima ndinkadziwa kuti ndikungobwereza mawu a eni ake.

Pomwe ndinkasochera ndi pa mawu akuti selo limamva kulimba. Ndinkaliona ngati chinthu chongokhala phee n'kumalandira uthenga. Ayi ndithu. Selo limakoka. Limagwira ndi ma integrin, omwe ali ngati timanja take, puloteni ya myosin n'kukoka ulusi wa m'kati mwa selo wotchedwa actin, kenako n'kuona ngati chomwe lagwiracho chikukana kapena chikutsatira. Chikakana, pogwirapo pamakula, selo limadziyala, puloteni yotchedwa YAP n'kulowa mu nyukiliyasi, momwe mumakhala majini, kukayatsa majini a kuswana. Chikatsatira, dzanja limapulumuka, selo limangokhala lobulungira, YAP n'kutsala panja. Izi za YAP anazionetsa a gulu la Stefano Piccolo ku Padua mu 2011. Ndinaziwerenga kangapo konse, osaona kuti nkhani yonse yagona pa kukokako.

Dzulo amayi anandituma kukathyola nyemba zomwe amadzala pakati pa chimanga. Ndinapeza zina zangogona pansi, zonyozoloka, pomwe zinzake zakwera mpaka ku ngayaye. Nditafunsa, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, nyemba yoyanga ikwera mphepo? Apo phesi linagwa kalekale." Ndinaima pomwepo, dengu lili m'manja.

Mu ubongo, phesi lake ndi mtsempha wa magazi. Selo la khansa likaboola mpanda wotchinga magazi ndi ubongo, silithamangira m'kati mwa phalamo. Limakakamira kunja kwa kamtsempha komwe latulukirako, pa kachikopa kokhala ndi mapuloteni a laminin ndi kolajeni IV, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali pogwira. A gulu la Joan Massagué ku New York anaonetsa mu 2014 kuti puloteni yomata yotchedwa L1CAM ndi yomwe imathandiza maselo kudziyala pamitsempha imeneyi, ndipo mu 2018 anaonetsanso kuti kudziyalako, kofanana ndi kwa ma pericyte, maselo okuta timitsempha, ndi komwe kumayatsa YAP. Ambiri mwa maselo ofika ku ubongo amafa. Opeza phesi ndi omwe amayanga. Ine ndinkangoti mtsempha ukulipatsa chakudya ndi mpweya basi, osadziwa kuti ukulipatsanso pokokera.

Zitatero ndinamvetsanso kafukufuku wina wa maselo a khansa ya m'mawere oikidwa pa jelo ya hyaluronic acid. Pa jelo yofewa ya 0.4 kPa ankangogona, osafa koma osaswana, pomwe pa yolimba ya 4.5 kPa ankachulukana. Selo lake lomwelo, chasintha ndi pansi pomwe laponda. Zikundikumbutsa azakhali anga, omwe anachotsedwa bere, n'kukhala bwinobwino zaka zingapo, kenako mutu unayamba kuwawa osaleka. Sitinamvetse nthawi imeneyo kuti matenda a m'bere afika bwanji kumutu. Ndikamawerenga za maselo ogonawa ndimaona nkhope yawo.

Anzanga, njira yophunzirira nkhani zimenezi ndi imodzi basi: gwirani ndi manja. Usiku womwewo ndinaika phala lozizira, nsima ndi dongo louma patebulo, n'kumamata chala paliponse ndi kukokera cham'mbali. Pa phala chala chimangotsetsereka, pa nsima chimagwira pang'ono, pa dongo chimakana. Mphindi zochepa zimenezo zandiphunzitsa kuposa mabuku onse omwe ndatsegula chaka chino, ndipo sindikuona mutu wa mechanobiology, phunziro la mmene maselo amamvera kulimba ndi kukoka, womwe sungaphunzitsidwe kukhitchini. Amene akukana ayese kaye.

Chimandiwawa n'chakuti m'kalasi mutu wonsewu tinaudutsa tsiku limodzi. Aphunzitsi anathamanga ndi zithunzi za mivi yolozana, integrin uku, FAK uko, YAP pamwamba, osanenapo ngakhale kamodzi kuti selo limakoka. Mnzanga wina atafunsa, anangoti tikawerenge patokha nthawi yatha. Tikawerenge kuti? Bandulo ya intaneti imatha pepala lisanatseguke, mapepala ena ndi ogulitsa, magetsi akazima foni nayo yagona, ndiye kuzizira kwa Dedza kuno usiku sungakhale nthawi yaitali pampando. Sindikuti aphunzitsiwo sadziwa, amadziwa kwambiri. Koma chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsira masabata atatu.

Pali pomwe nyemba zanga zikundisiya panjira. Selo lomwe lagona zaka m'malo ofewa, chimalidzutsa n'chiyani? Kodi ndi mtsempha watsopano womwe wamera pafupi, kapena lokha limayamba kudzilimbitsira pomwe lakhalapo? Ndawerengapo kuti maselo amakumbukira kulimba kwa komwe achokera, koma mu ubongo chikumbukirocho chimatha liti? Ndiye china chandisowetsa tulo: mankhwala ambiri a chemotherapy amapha maselo omwe akuswana. Tikapeza njira yolanda selo pogwira, n'kuligoneka, ndiye kuti tamuthandiza wodwala kapena tangolibisa kwa mankhwala? Usiku wonse ndatembenuza funsoli uku ndi uku, ndipo mbali zonse ziwiri zikuonekabe zomveka kwa ine.