Masiku anayi ku London: tinkalipira bwanji sitima ndi basi

Mu 2024 ndinaperekeza mayi anga ku London ku graduation ya mng'ono wanga, tinakhalako masiku anayi okha basi. Za visa ndi za ndege tinakonzeratu miyezi yambiri koma nkhani ya thiransipoti ya mu tawuni momwemo sindinaiganizire mpaka titatera pa Heathrow, mayi atatopa miyendo itatupa, ine nditaima pa mashini a matikiti osadziwa chodina. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndinaona poti ambiri mumandifunsa ku inbox.

Choyamba iwalani za kondakitala. Mabasi a ku London anasiya kulandira kashi mu 2014, ngakhale mutatulutsa mapaundi atsopano dalaivala salandira. Mumagunditsa khadi pa kachinthu kachikasu kali pakhomo, kalira, mwalowa. Khadiyo itha kukhala Oyster, ija ya buluu ya thiransipoti yokhayokha yomwe mumaikamo ndalama ngati mayunitsi a foni, kapena khadi yanu ya kubanki ngati ili ya contactless, ija yongogunditsa osailowetsa mu mashini. Mtengo wa ulendo ndi umodzimodzi konseko. Chomwe ndikukuletsani ndi tikiti ya pepala ya ulendo umodzi wa sitima, nthawi imeneyo inali £6.70 mkati mwa tawuni pomwe ulendo womwewo ndi khadi unali £2.80, tangoganizani kuwirikiza kawiri n'kupitirira chifukwa cha kapepala.

Mng'ono wanga anali atandiuza pa foni kuti achemwali musavutike ingogwiritsani khadi yanu ya kubanki, aliyense kuno amatero. Iyeyo akunena zoona koma khadi yake ndi ya konko. Yathu ya kuno mukudziwa mmene nkhani ya forex ilili, limiti yogwiritsa ntchito kunja ndi yochepa komanso banki imadulako kenakake ukalipira mu ndalama yakunja, ndipo ine chomwe ndinkaopa kwambiri ndi choti khadi ikane pa geti ya siteshoni anthu ali pamzere kumbuyo kwanga mayi ali mbali inayo. Ndiye ndinagula ma Oyster awiri, £7 iliyonse ndipo imeneyo sibwerera, nkuikamo mapaundi omwe tinasintha tisananyamuke. Inde £14 inapita koma mtima unakhala m'malo, ndinkadziwa kuti ndalama ya ulendo ili apa ndipo siikhudza ya chakudya.

Awiri chifukwa khadi imodzi ndi ya munthu mmodzi, simungagunditse kawiri kuti mulipirire mnzanu ngati mmene timanenera mu minibasi kuti awiri apo. Ana osakwana zaka 11 okha ndi amene amadutsa ulere akakhala ndi wamkulu wolipira.

Tsopano chomwe chinandisangalatsa ndi ichi amati cap. Pa tsiku pali malire a ndalama yomwe angakuduleni, mukafika pamenepo maulendo otsalawo ndi aulere. London anaigawa m'mazoni, zoni 1 ndi pakatikati, Heathrow ili zoni 6. Ife tinkagona ku Brixton komwe ndi zoni 2, ndiye malire athu anali £8.50 pa tsiku kaya tikwere kakhumi. N'chifukwa chake Travelcard ya sabata, tikiti yolipiriratu maulendo a sabata yonse, sindinaigule ngakhale anthu ena ankandikakamiza, mtengo wake umafanana ndi masiku asanu a cap, ife masiku enieni oyendayenda anali atatu, ndiye tikanalipirira masiku oti tili kale mu ndege. Werengani masiku anu kaye musanagule chilichonse cholembedwa kuti sabata. Koma cap imawerengedwa pa khadi imodzi yomweyo, mukagunditsa ndi foni m'mawa masana ndi khadi, kwa iwo ndinu anthu awiri.

Mu sitima za pansi zija amati Tube mumagunditsa polowa ndi potuluka. Mukaiwala potuluka amakudulani mtengo wapamwamba poti sakudziwa komwe mwatsikira. Mayi zinawachitikira tsiku lachiwiri, geti inali yotsegula iwo anangotsatira munthu wa kutsogolo, madzulo tikuona ndalama yawo yachepa kuposa yanga. Zinawapweteka mtima kwambiri, amangoti mwana wanga ndakuonongera ndalama, ndinachita kuwakhazika pansi kuti amayi si inu nokha zimachitikira ambiri. Kuyambira pamenepo ndinkawatsogoza iwo ine pambuyo. Mu basi ndi kamodzi kokha polowa, potsika osagunditsanso.

Ndipo basi ndi imene ndinaikonda ine. Inali £1.75 kulikonse komwe ikupita, palibe za mazoni, komanso mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Mayi masitepe oyenda okha aja ankawaopa, ku Tube kumakhalanso kotentha ndi kothithikana makamaka 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 mpaka 7 madzulo pomwenso mtengo umakwera. Ndiye tsiku lachitatu tinakwera basi nambala 159 pa Brixton, tinakhala m'mwamba mpando wa kutsogolo, inadutsa pa Westminster Bridge mayi akuona Big Ben ndi maso awo, kenako Trafalgar Square. Anthu amalipira ndalama zambiri pa mabasi a alendo aja kuti aone zomwezi. Imachedwa inde, koma ife timathamangira kuti?

Za ku eyapoti mwachidule, sitima ya Heathrow Express ndi mphindi 15 kufika pa siteshoni ya Paddington mu tawuni koma mtengo wake unali cha m'ma £25 munthu mmodzi. Tube ya Piccadilly line inali £5.60, pafupifupi ola lathunthu, ndi imene tinakwera kupita ndi kubwera. Mitengo yonseyi ndi ya 2024, imasintha, muonenso musananyamuke.

Tsiku lobwerera mashini a pa siteshoni amatha kukubwezerani ndalama yotsala ngati siikupitirira £10, kungoti khadiyo imafera pomwepo. Yanga ndinatengamo zanga. Mayi anakana, anati yawo asunga poti ndalama yake siitha ntchito ndipo mdzukulu akadzabadwa adzapitanso, moti ili mu chikwama chawo cha ku tchalitchi limodzi ndi pasipoti, muli £4 ndi makobili.