Magemu ogwedeza thupi aja anathera kuti?

Amagemu timakonda kukangana kuti kodi magemu aja osewera ndi thupi lonse, kumagwedeza mkono ngati ukumenyadi mpira wa tenesi, ali ndi tsogolo kapena inali fashoni chabe. Ine ndimati zodumphadumpha zija zinatha mphamvu, koma kanatsala kakang'ono kam'dzanja komwe ambirife tikusewera nako daily osadziwa n'komwe.

Anayambitsa chipwirikiti ndi a Nintendo mu 2006 atatulutsa Wii. Inagulidwa zoposa 100 miliyoni ndipo chokoka anthu chinali Wii Sports, tenesi, bowling, gofu, nkhonya, moti ngakhale agogo oti sanagwirepo padi chibadwire amangoima nkuyamba kumenya. Microsoft ataona kuti ndalama zikupita kwa anzawo anabweretsa Kinect mu 2010, kamera yomakuona thupi lonse opanda chogwira m'manja, Sony nawonso chaka chomwecho PlayStation Move. Pofika 2017 Kinect anasiya kupanga basi.

Nde tiyeni tione za kuno ku chigwa. Kashopu ka magemu pa Nchalo kapena pa Dyeratu mukukadziwa, malata pamwamba, benchi imodzi anyamata atapanikizana mapewa kugundana, ena aima pakhomo kudikira kuti woluza adzuke. Kinect imafuna uyime pafupifupi mamita 2 kuchoka pa TV ndipo pakati pasadutse munthu, malo amenewo mwini shopu awatenga kuti pomwe angaikepo TV ina ya FIFA nkumalandira ndalama kawiri? Kuonjezera apo kutentha. Okutobala wa ku Ngabu kapena Nsanje umadutsa madigiri 40, kungokhala pansi thukuta lili kamukamu, nde wina azikuuza kuti uponye zibakera mumpweya kwa ola lathunthu, aaa ayi aise.

Msuweni wanga anabwera nayo Wii kuchoka ku Johannesburg nthawi ya Khisimisi ndipo masiku oyamba nyumba inadzadza, azakhali anavula mpango nkuumanga m'chiuno kuti amenye bwino bowling, tinaseka mpaka misozi. Koma ana sanachedwe kutulukira kuti ukakhala pa mkeka nkungogwedeza kadzanja pang'ono mpira umapita chimodzimodzi, nde aliyense anakhala pansi. Alendo atapita nayonso inalowa mukatoni. Apa mpomwe pali vuto lenileni kwa ine, magemu amenewa amakoma pagulu, pali wokuseka. Uli wekha umangooneka ngati ukuthamangitsa udzudzu.

China nchakuti batani silinama, ukadina ladinika. Mkono ukaugwedeza pena gemu imamva zina, ndipo pamene woluza ndi amene akulipira gemu palibe angalole kuluza chifukwa kamera sinamuone bwino.

Komatu musati zinafa. Tengani foni yanu, gemu ya mpikisano wa magalimoto mumakhota popendeketsa foni, Temple Run ija timatolera makobidi popendeketsanso, imeneyo ndi motion control, kusewera mogwedeza komwe kuja, kungoti yachepa. Osewera PUBG Mobile mwa serious ambiri amayatsa gyroscope, kasensa ka mufoni komva mmene dzanja likuitembenuzira, chala chimatembenuza munthu koma kulunjika mfuti bwinobwino ndi kadzanja kusuntha pang'onong'ono, ndipo ukazolowera kubwerera ku chala chokha kumavuta. Nintendo nawo anaika kulunjika kotereku mu gemu ya Splatoon mu 2015, ndipo sanagonjetu pa zazikulu zija, Switch ya 2017 inabwera ndi ma Joy-Con, mapadi omva kugwedeza, kenako Ring Fit Adventure mu 2019 ndi Nintendo Switch Sports mu 2022. Koma panopa ndi gemu yotulutsa kukabwera alendo kapena ukafuna masewera olimbitsa thupi, osati ya tsiku ndi tsiku.

Chongokuchenjezani, mafoni ambiri otchipa alibe gyroscope, ali ndi ka accelerometer kokha kongomva kupendeka, nde ya magalimoto itheka koma pa PUBG mukayatsa siigwira bwino kapena siiyaka n'komwe. Musanapereke ndalama ku Limbe kapena pa Nchalo pompa, fufuzani kaye dzina la foniyo pa intaneti muone pa masensa ngati ilipo.