Mmene ndimasankhira malo odyera madzulo a kumapeto a sabata mu Blantyre

Mnzanga akati tikadye limodzi Loweruka madzulo, sindiyamba ndi kufunsa kuti malo otchuka masiku ano ndi ati. Ndimayamba ndi iyeyo. Ndimamufunsa pa WhatsApp kuti sadya chiyani, achokera kuti ndipo abwerera bwanji, komanso ngati akufuna kucheza mofatsa kapena akufuna kumene kuli nyimbo ndi chinamtindi cha anthu. Mayankho akewo amachotseratu malo ambiri ndisanawononge ngakhale mayunitsi.

Funso la zakudya musalipeputse. Mnzanu wachisilamu afuna nyama ya halaal, ndipo ena sakhala omasuka pamalo pamene pakugulitsidwa mowa. Ku Limbe ndi m'katikati mwa tauni malo otere sasowa, ndipo eni ake amene ali ndi chikalata cha halaal amachipachika poonekera. Mnzanu wa Seventh-day Adventist sadya nkhumba, sadyanso kampango chifukwa ndi nsomba yopanda mamba. Sabata lake limayamba dzuwa likalowa Lachisanu mpaka litalowanso Loweruka, choncho Lachisanu madzulo musamuike pampanipani, konzani Loweruka usiku kapena Lamulungu. Wodwala shuga kapena BP amafunika khitchini imene ingamve mukati nsomba aiwotche osaikazinga, mchere achepetse. Malo amene zonse amaphikiratu m'mapoto aakulu sangathe zimenezi.

Nkhani ya ndalama ndimaithetsa tsiku lomwelo limene tapangana zokadya. Kwathu kuno woitana ndiye amayembekezeka kulipira, ndipo mnzanu akhoza kubwera ndi ya minibasi yokha popanda cholakwa chilichonse. Ngati ndalipira ndine ndimanena kuti, "Aise, zonse zili kwa ine." Ngati tigawana ndimanenanso momveka kuti aliyense adzilipirira, ndi kumutumizira mitengo kuti aone yekha ngati thumba lake likwanitsa. Kunena zimenezi Lachinayi n'kosavuta. Kuzinena bilu itafika patebulo kumawononga macheza onse.

Kenako ndimaganiza za mtunda. Blantyre ndi mzinda wotambalala. Munthu wa ku Bangwe kapena ku Chigumula kuti akakumane ndi mnzake wa ku Chilomoni kapena ku Chirimba, mmodzi ayenera kudutsa Masauko Chipembere Highway yonse, pokhapokha atakumana pakati, monga ku Chichiri kapena ku Ginnery Corner. Dzuwa kuno limalowa cha m'ma 6 koloko, miyezi yozizira nthawi imeneyi isanakwane n'komwe, ndipo mdima ukangogwa maminibasi amayamba kuchepa. Kupita n'kosavuta, vuto ndi kubwerera. Ngati tonse tilibe galimoto, ndimagwirizana mtengo ndi woyendetsa takisi wodziwika masana omwewo, wopita ndi wobwerera, ndi kusunga nambala yake. Kabaza usiku, makamaka mvula itagwa, sindimulimbikitsa kwa mlendo wanga. Ngati tili ndi galimoto, ndimafuna malo oimika a mkati mwa mpanda okhala ndi mlonda, ndipo laputopu kapena chikwama sindisiya pampando. Ndimayang'ananso ngati ku Kamuzu Stadium kuli mpira. Tsiku limene Bullets ndi Wanderers akumana, msewu wa pa Chichiri umadzaza masewero akangotha, nthawi yomweyo imene inu mukuthamangira kukadya.

Malo odyera mumzinda uno ndimawaona m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi khalidwe lake. Mahotela akuluakulu a m'tauni, monga Ryalls, Mount Soche ndi Amaryllis, mtengo wake ndi wokwera koma zambiri zimene zimasokoneza madzulo anazikonzeratu: jenereta, poimika galimoto, makina olipirira ndi khadi. Chofunika kufunsa kumeneko ndi maukwati ndi misonkhano, chifukwa Loweruka malo otere amakhala ndi madyerero. Palinso malo amene anatsegulidwa m'nyumba zakale za ku Namiwawa, ku Sunnyside, ku Mandala ndi ku Nyambadwe, okhala ndi kapinga ndi mitengo. Awa ndimawakonda pocheza ndi munthu amene tatenga nthawi tisanaonane, chifukwa mumamvana osakweza mawu, koma opanda galimoto kapena takisi usiku simufikako bwino. Malo a zakudya za chimwenye ndi za chitchaina amayenera anthu ofuna kugawana mbale zingapo. Gulu limene limanyenga anthu ambiri ndi la malo a nsima a m'tauni. Masana chakudya chake n'chokoma zedi, chifukwa amaphikira anthu apantchito a nkhomaliro. Madzulo mupeza ndiwo zabwino zinatha kalekale, zotsala azitenthetsa kawiri, ndipo Lamulungu ambiri satsegula n'komwe. Ngati mukufuna nsima ya madzulo, funani malo amene amaphika ya madzulo mwadala, ndipo mufunse ngati amaiphika mukaitanitsa kapena ili kale m'fudiwoma.

Pa Facebook ndi pa Google Maps ndimayang'ana, koma mosamala. Choyamba ndimaona tsiku limene chithunzi cha menyu chinajambulidwa. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuchokera pamenepo mitengo ya mafuta ophikira, nyama ndi zakumwa yakhala ikusinthasintha. Menyu wa chaka chatha angakuuzeni zimene amaphika, osati ndalama zimene mulipire. Nthawi yotsegulira yolembedwa pamenepo imakhalanso yakale kawirikawiri. Ndemanga za anthu ndimawerenga za miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, ndipo ndimafunafuna dandaulo lobwerezedwa. Munthu mmodzi akati chakudya chinachedwa, mwina linali tsiku loipa chabe. Anthu anayi osiyana akanena zomwezo, ndiye kuti khitchini ndi yaing'ono poyerekeza ndi matebulo, ndipo Loweruka zidzanyanya.

Ndikatsala ndi malo awiri kapena atatu, ndimaimba foni. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndimaimba kawiri. Koyamba ndi Lachinayi, kusungitsa tebulo ndi kupempha kuti anditumizire chithunzi cha menyu wa sabata ino pa WhatsApp. Kumapeto a mwezi, anthu atalandira malipiro, kusungitsa tebulo n'kofunika kwambiri. Kachiwiri ndi tsiku lenilenilo cha m'ma 3 koloko masana, chifukwa amene analemba dzina langa Lachinayi mwina sali pantchito lero.

Mafunso anga sasintha. "Achimwene, khitchini mumatseka nthawi yanji?" Ndimati khitchini, osati malowo, chifukwa bala ikhoza kukhala yotsegula mpaka pakati pa usiku pomwe ophika anaweruka 9 koloko. "Lero kuli ukwati, phwando kapena bandi?" Perekaniperekani akayamba muholo yoyandikana nanu, ngakhale mutakhala pangodya yanji simumvana, ndipo ophika amayamba athana kaye ndi anthu a ukwatiwo. "Magetsi akazima, jenereta yanu imayendetsa khitchini yonse kapena mababu okha?" Funsoli ena amadabwa nalo, koma ndi lofunika pa zifukwa ziwiri. Jenereta yaing'ono imayatsa magetsi ndi TV, koma uvuni wa pizza ndi makina okazingira tchipisi amaima, ndiye theka la menyu latha pomwepo. Chachiwiri n'chakuti firiji imene imazima ndi kuyaka tsiku lonse imasungunula nyama ndi kuiumitsanso, ndipo nsomba ndiyo imayamba kuwonongeka. Malo ophikira gasi kapena makala savutika kwambiri ndi mbali yoyambayo.

Ndimafunsanso za chakudya chimene tikuchifunacho. Ngati ndi chambo, ndimafunsa ngati chilipo lero, chabwera liti, ndipo amachigulitsa chathunthu kapena chochotsa minga. Mtengo umasiyana ndi kukula kwake, choncho afotokoze kuti umene uli pamenyu ndi wa chachikulu kapena chapakati. Ngati ndi nkhuku ya lokolo, ndimaitanitsiratu pafoni pomwepo ndi kutchula nthawi imene tifike. Nyama yake ndi yolimba, imafuna kupitirira ola pamoto kuti ifewe. Mukaitanitsa mutakhala kale patebulo, mwina mudikira mpaka njala itasanduka mkwiyo, mwina akupatsani yosapsa bwino. Mang'ina ndi chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti amaphikidwa m'mawa, ndiye funso ndi lakuti atsala kapena atha.

Funso lotsiriza ndi la kalipiridwe: amalandira khadi, Airtel Money kapena Mpamba? Ngakhale atavomera zonse, ndimanyamula ndalama ya m'manja yokwanira chakudya cha awiri, chifukwa netiweki ikagwa makina a khadi sagwira, ndipo kusakasaka ATM usiku mnzanu atatsala ngati chikole patebulo si chinthu chabwino. Ndimafunsanso ngati mitengo ya pamenyu yaphatikiza kale VAT ndi msonkho wa zokopa alendo. Malo ena amaphatikiziratu, ena amawonjezera pansi pa bilu, ena amaikaponso ndalama ya operekera zakudya. Ndalama imene ndawerengera ndimaionjezera pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, kuti zoterezi ndi chakumwa chachiwiri zisandidzidzimutse.

Malo amene sindinadyepo, ndikapeza mpata ndimadutsako pakati pa sabata n'kugula chakumwa chimodzi. Mphindi khumi zimakwana. Ndimapita kuchimbudzi kukaona ngati pampopi pakutuluka madzi, ngati pali sopo, ndipo ngati madzi asiya, aikapo ndowa yokhala ndi kampopi kapena angosiya choncho. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri mumzinda uno, ndipo malo amene sasamala posamba m'manja alendo, sindikhulupirira kuti kukhitchini amasamala. Ndimayang'ana mbale zimene zikupita kumatebulo ena. Tchipisi chakuda chonunkha chiwawu chimasonyeza mafuta amene akazingira masiku ambiri osasintha. Saladi wofota ndiye kuti anadulidwa m'mawa. Menyu ndimamuwerenganso ndi diso lina: malo aang'ono amene alemba zakudya zochuluka, za chimwenye, za chitchaina, pizza ndi nsima pamodzi, zambiri mwa izo zimachokera mufiriji, ndipo mukaitanitsa mumva kuti "zimenezo zatha". Menyu wamfupi, tsamba limodzi kapena awiri, amandipatsa chikhulupiriro.

Tebulo ndimasankha ndekha ndi kulitchula posungitsa. Likhale kutali ndi sipika, kutali ndi TV ngati kuli mpira wa ku England, kutalinso ndi kumene kuli jenereta chifukwa cha phokoso ndi utsi wa dizilo. Nyengo imalamulanso. Mu June ndi July chiperoni chikabwera, panja pamazizira ndipo kamvula kowaza kamanyowetsa mipando, choncho mkati ndi bwino. Mu October kukatentha panja ndiye pabwino, koma pa kapinga madzulo udzudzu umaluma miyendo, muvale zofika m'mapazi. Nthawi ya dzinja ndimafuna pakhonde lofoleredwa bwino, osati pansi pa ambulera.

Tsikulo ndimafika cha m'ma 6 koloko kapena hafu pasiti, gulu la anthu lisanadzaze, ndipo ndimayesetsa kufika mnzanga asanafike. Woperekera zakudya akabwera, ndisanatsegule menyu ndimafunsa kuti, "Achemwali, chatha n'chiyani lero, ndipo chotuluka msanga n'chiti?" Amadziwa bwino zimene zili kukhitchini, ndipo mukawafunsa mwaulemu amakuuzani zoona. Tikaitanitsa ndimawapempha abwereze zimene alemba, makamaka ngati wina wati tsabola ayi. Kambuzi kapena Nali abwere pambali, aliyense athire yekha. Kumalo a chimwenye kumbukirani kuti mpunga ndi naan (buledi wa chimwenye) zimakhala ndi mtengo wakewake, ndipo ndiwo ziwiri, mpunga umodzi ndi naan ziwiri zimakwanira anthu awiri. Kuitanitsa mopitirira apo n'kungonyamula zotsala.

Chambo chikafika, ndimachitsegula pamsana pamene pali mnofu wochindikala. Chabwino chimakhala choyera, chimachoka pamunga mosavuta m'zidutswa zolimba. Chikakhala chofiirira pafupi ndi munga, sichinapse. Chikakhala chophwanyikaphwanyika ngati phala ndi kafungo kowawa, chagonera. Zikatere ndimaitana woperekerayo nthawi yomweyo, ndisanadye theka, n'kumuonetsa mwakachetechete. Malo abwino amasintha mbale osakangana nanu. Chakudya chikadutsa mphindi 40 osatuluka, ndimafunsa kuti chafika pati, chifukwa nthawi zina kapepala ka oda kamasochera pakati pa bala ndi khitchini, ndipo ophika sakudziwa n'komwe kuti mukudikira. N'chifukwa chake ndimasunganso m'mutu malo achiwiri apafupi, oti tikapeza zinthu zasokonekera tisanaitanitse, tingonyamuka.

Bilu ndimaiwerenga mzere ndi mzere. Pamene anthu achuluka, chakumwa cha tebulo lina chimalowa pa bilu yanu mosavuta, osati mwadala ayi, koma chifukwa woperekera mmodzi akusamala matebulo ambiri. Ndimapempha lisiti la makina a msonkho, losonyeza VAT. Ngati sanaikepo kale ndalama ya operekera zakudya ndipo atisamala bwino, kangachepe kothokoza ndimakapereka m'manja mwa amene watitumikirayo, chifukwa kodutsa pa khadi sikafika kwa iye nthawi zonse. Wa takisi ndimamuimbira ndisanapemphe bilu, kuti pamene tikumaliza kulipira akhale ali pageti, ndipo ndimamuuza ayambe watula mnzangayo pakhomo pake.