Mmene ndinayendera kuchoka pa komishoni ya malinki kufika pa kontirakiti yotsatsa malonda

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikupanga mavidiyo a pa YouTube ofotokoza mmene munthu angajambulire mawu omveka bwino pogwiritsa ntchito zipangizo zotsika mtengo, monga maikolofoni, zingwe ndi timakina tolowetsera mawu mu kompyuta. Ntchitoyi ndimaigwira pandekha, popanda bwana wondilipira pakutha pa mwezi, choncho funso loti ndalama yogulira zipangizo zoti ndiziyesa ichokera kuti silinachedwe kundipeza. Kupatula zotsatsa zimene YouTube imaika yokha, njira zinali ziwiri. Ina ndi pulogalamu ya affiliate, imene imakupatsa linki yakoyako n'kumakulipira komishoni munthu akagula katundu kudzera pa linkiyo. Inayo ndi sponsorship, pamene kampani imakupatsa ndalama imene mwagwirizana kale kuti utchule malonda ake m'vidiyo, kaya oonera agula kaya sagula.

Ndinayamba ndi malinki pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti panalibe kampani imene inkadziwa kuti ndilipo. Ndinalembetsa ku Amazon Associates, pulogalamu ya affiliate ya sitolo ya pa intaneti ya Amazon, imene inayamba mu 1996 ndipo ndi imodzi mwa zakale kwambiri pa ntchito imeneyi. Fomu yake imafuna kuti utchule malo onse amene uziikapo malinki, ufotokoze mmene anthu amakupezera, ndiponso upereke zokhudza msonkho, ndipo munthu amene si wa ku United States amasayina fomu yotchedwa W-8BEN yotsimikizira zimenezo. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi lamulo lakuti pasanathe masiku 180 pakhale malonda atatu ochitika kudzera pa malinki ako, apo ayi akauntiyo imatsekedwa, ndipo zimene wagula wekha siziwerengedwa. Malonda anga atatuwo anakwana mwezi wachinayi uli mkati, ndipo onse anachokera pa vidiyo imodzi imene ine ndinkaiona ngati yosasangalatsa, yoyerekezera maikolofoni awiri a mtengo wofanana.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene chinadzandithandiza kwambiri pambuyo pake. Vidiyo imene anthu ambiri amaonera ndi imene anthu amagulira katundu nthawi zambiri sikhala imodzi. Munthu woonera nkhani ya mmene situdiyo zazikulu zimajambulira nyimbo amangofuna kudziwa, pomwe munthu amene walemba mayina a maikolofoni awiri pa malo ofufuzira amakhala ndalama ili kale m'manja, akungosowa womuuza kuti atenge iti. Nthawi imene linki imakukumbukira nayonso ndi yaifupi. Ku Amazon, munthu akadina linki ayenera kugula pasanathe maola 24, pokhapokha ataika katunduyo mu dengu lake logulira mkati mwa maolawo, pamenepo nthawi imatalika kufika pafupifupi miyezi itatu. Amene waonera lero, n'kukaganiza sabata yonse, kenako n'kugula kudzera pa linki ya munthu wina kapena polowa yekha pa tsambalo, kwa iwe amakhala ngati sanakhaleko, ngakhale kuti ndiwe amene unamuthandiza kusankha.

Kuti ndisamadzinamize, ndinazolowera kuwerengera pa pepala. Tiyerekeze kuti vidiyo yaonedwa ka 10,000, ndipo anthu awiri pa 100 alionse adina linki, ndiye kuti adina ndi 200. Ngati asanu pa 100 alionse mwa amenewo agula, ogula ndi 10, ndipo ngati katunduyo ndi wa madola 50 pa komishoni ya 3 peresenti, vidiyo yonseyo yabweretsa madola 15. Ndalamayo imafika patatha pafupifupi masiku 60 mwezi wa malondawo utatha, ndipo wogula akabweza katundu komishoni imachotsedwa. Ubwino wake ndi wakuti vidiyo yoyankha funso lenileni imapitiriza kubweretsa kangachepe kwa zaka, iwe uli mtulo. Koma mlingo wa komishoni suli m'manja mwako. Mu Epulo 2020 Amazon inatsitsa komishoni pa magulu angapo a katundu, mwachitsanzo mipando ndi zokonzera nyumba zinachoka pa 8 peresenti kufika pa 3, ndipo amene ankadalira magulu amenewo analibe pokadandaula. Nditawerenga za nkhaniyi ndinalembetsanso ku mabwalo ena olumikiza makampani ndi opanga nkhani, monga Awin ndi Impact, kumene ndinapeza kuti makampani ena ogulitsa mapulogalamu a pa kompyuta amakumbukira linki kwa masiku 30 kapena kuposa, ndipo ena amalipira mwezi ndi mwezi malinga ngati wogulayo akupitiriza kulipira.

Pali chiyeso china chimene sindingachibise. Ukadziwa kuti maikolofoni okwera mtengo amabweretsa komishoni yokulirapo, lilime limayamba kutsetserekera komweko lokha. Ndinadzigwira kangapo ndikuyamikira chipangizo chimene ineyo sindikanagula ndi ndalama yanga, ndipo mbali zimenezo ndinazidula ndisanatulutse vidiyo.

Kalata yoyamba yopempha sponsorship inabwera pa imelo tchanelo itakulako. Ndisanasangalale ndinayamba ndafufuza ngati inali yeniyeni, chifukwa mu Okutobala 2021 akatswiri a chitetezo a Google anachenjeza za akuba amene amadzionetsa ngati kampani yofuna kutsatsa malonda, n'kutumiza fayilo yoti uyese pulogalamu yawo, pomwe fayiloyo imaba zolowera ku akaunti ndipo tchanelo imalandidwa. Ndinayang'ana ngati adiresi ya imelo ikugwirizana ndi tsamba lenileni la kampaniyo, ndinalembera kampaniyo kudzera pa adiresi imene ndinaipeza ndekha, ndipo sindinatsegule fayilo iliyonse kufikira atandiyankha.

Kenako panabwera funso limene linandisowetsa tulo, loti nditchule ndalama zingati. Makampani ambiri amawerengera pa mtengo wa anthu 1,000 alionse oonera, umene amautcha CPM, ndipo amayang'ana chiwerengero cha oonera mavidiyo aposachedwa kuposa chiwerengero cha olembetsa ku tchanelo. Ndinatenga mavidiyo khumi omaliza, ndinachotsa imodzi imene inatchuka modabwitsa, n'kupeza chiwerengero chapakati. Koma chimene chinandipatsa mphamvu pokambirana chinali malipoti a malinki anga aja. Ndinatha kuwaonetsa kuti oonera anga, ngakhale si ochuluka, amadina ndi kugula zipangizo za mtundu womwewo umene kampaniyo imagulitsa, ndipo umboni umenewo unakweza mtengo kuposa umene iwo anayamba kutchula. Madola ochepa a komishoni aja anali atandigulira chinthu chimene sindinkachiyembekeza, chimene ndi kudziwa anthu anga ndi manambala.

Pa kontirakiti m'pamene ndinapunthwa. Nthawi yoyamba ndinaiwerenga mothamanga, maso ali pa ndalama, ndipo sindinaone kuti sinatchule malire a kangati kampani ingandibwezere vidiyo kuti ndikonzenso. Mbali yotsatsa malonda ya masekondi 60 ndinaijambula kanayi, ndipo malipiro, amene anayenera kubwera pasanathe masiku 60 nditatumiza invoisi (kalata yopempha malipiro), anachedwa mpaka ndinatopa kulemba makalata okumbutsa. Pa mgwirizano wachiwiri, ndi kampani ina, ndinakhala pansi n'kuwerenga ndime iliyonse kawiri. Ndinapeza ndime yondiletsa kutsatsa zipangizo zilizonse za mawu za makampani ena kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mmene inalembedwera ikanakhudzanso malinki amene anali kale pansi pa mavidiyo anga akale. Kusayina pamenepo kukanakhala kugulitsa munda wobereka chaka chilichonse pofuna chakudya cha tsiku limodzi. Ndinapempha kuti chiletsocho chikhale cha masiku 30, chikhudze makampani otchulidwa mayina okha, ndipo chisakhudze zimene ndinatulutsa kale. Panalinso ndime yowalola kutenga nkhope ndi mawu anga n'kuziika mu zotsatsa zawo kwa nthawi yopanda malire, ndipo pamenepo ndinawauza mwaulemu kuti chilolezo chimenecho chili ndi mtengo wakewake komanso tsiku lothera. Ndinapemphanso theka la ndalama ndisanayambe kujambula, kukonzanso kusapitirire kawiri, ndi ufulu wonena zofooka za chipangizocho. Anavomera zonse kupatula theka lija, limene tinagwirizana kuti likhale gawo limodzi mwa magawo atatu.

Nkhani youza oonera kuti ukulipidwa imakhudza njira zonse ziwiri, ngakhale ambiri amaganiza kuti ndi ya sponsorship yokha. Bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission la ku United States linakonzanso malangizo ake mu 2009 kuti akhudze olemba pa intaneti, n'kuwakonzanso mu 2023, ndipo mfundo yake ndi yakuti ubale uliwonse wa ndalama kapena mphatso pakati pa iwe ndi kampani uzioneka poyera, pamalo amene munthu sangauphonye. Ku United Kingdom bungwe loyang'anira zotsatsa malonda la Advertising Standards Authority limafunanso zomwezo. YouTube ili ndi kabokosi kochonga kosonyeza kuti m'vidiyo muli malonda olipidwa, Amazon imafuna kuti ulembe chiganizo chonena kuti umapindula ndi zogulidwa, ndipo kwa amene ali ndi tsamba lawolawo, Google inayambitsa mu 2019 chizindikiro cha sponsored choika pa malinki otere. Ine ndimachonga kabokosiko, ndimanenanso ndi pakamwa kumayambiriro kwa mbali yolipidwayo, ndipo sindinaonepo kuti oonera achepa chifukwa cha zimenezo.

Panopa mavidiyo oyerekezera zipangizo ndimawasiya opanda sponsorship, chifukwa munthu sangakhulupirire woweruza amene walipidwa ndi mmodzi mwa opikisana, ndipo m'menemo ndimaikamo malinki a zipangizo zonse zimene ndatchula, yopambana ndi yogonja yomwe. Sponsorship ndimailandira m'mavidiyo ophunzitsa luso, kumene kutchula pulogalamu yokonzera mawu sikusintha phunzirolo. Makampani ena amapereka ndalama yochepa yokhazikika pamodzi ndi nambala yochotsera mtengo imene imandipatsa komishoni, ndipo zimenezi ndimavomera pokhapokha ndalama yokhazikikayo payokha ikulipira masiku amene ndagwira ntchito. Miyezi itatu iliyonse ndimapatula tsiku limodzi lodina malinki onse akale mmodzimmodzi, popeza zipangizo zimasiya kupangidwa ndipo linki imatsala ikuloza pa tsamba lopanda kanthu. Ulendo wapitawu ndinapeza kuti maikolofoni amodzi mwa awiri a m'vidiyo ija imene inandibweretsera malonda oyamba salinso pa msika, choncho vidiyo imeneyo ndiyenera kuijambulanso mwezi uno.