Za malaya anga oyera ndi dzina la Mbidzi

Popeza dzina lakuti Mbidzi limene anandipatsa lafika kale mpaka ku Bvumbwe, ndipo ena akulifalitsa ndi zowonjezera zawo, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika pa Luchenza m'mawa uja.

Manotsi a masamu a Fomu 4 ine ndimawalemba ndi LaTeX, pulogalamu yokonzera zolembedwa imene Leslie Lamport anaimanga pamwamba pa TeX ya Donald Knuth, chifukwa ndimafuna kuti mwana wokonzekera MSCE akangotsegula pepala aone msanga pamene pali theorem ndi pamene ndikungofotokoza. Ma theorem ndimawakonza ndi amsthm, kapulogalamu kowonjezera pa LaTeX, kenako inzake yotchedwa mdframed imaika kamzere kowonda kumanzere kwa theorem iliyonse, mizere ya pamwamba, ya pansi ndi ya kumanja nditaizimitsa. Kunenepa kwa kamzereko munthu amalemba yekha, ndipo anthu odziletsa ngati ine timaika 2pt basi, kunenepa kosakwana milimita imodzi.

Usiku wake magetsi anali atazima, laputopu nayo ikutha moto. Pamwamba pang'ono ndinali nditangolemba margin=2cm pokonza m'mphepete mwa tsamba, choncho zala zinangopitiriza mwaulemu njira yomweyo n'kulemba linewidth=2cm pa kunenepa kwa kamzere kaja. Aliyense wodziwa ntchitoyi angavomereze kuti pulogalamu imene imakana kugwira ntchito chifukwa cha kabulaketi kamodzi kosowa inayenera kundifunsa kaye, koma tsiku limenelo inangovomera osadandaula. Masentimita awiri ndi pafupifupi 57pt, ndiye kuti kamzere kanga kananenepa maulendo oposa 28. PDF ndinaitumiza pa WhatsApp kwa mnyamata wosindikiza mapepala, laputopu n'kuzima.

M'mawa kunali chiperoni chenicheni, phiri la Mulanje losaoneka n'komwe. Mnyamata uja anandipatsa mapepala atawatembenuza, nati, “Aphunzitsi, apa muwonjezere ya inki.” Ndinamuuza kuti aphunzitsi sitibedwa m'mawa, ndinalowetsa mpukutuwo m'jekete kuti usanyowe, n'kukwera kabaza, dzanja limodzi likuukanikiza pachifuwa njira yonse.

Nditavula jekete mu sitafu, anthu onse anasiya tiyi. Inki yosauma ija, itakumana ndi chinyezi komanso thukuta, inali itasamukira pa malaya, mizere yakuda bii yotsika kuchokera pakolala mpaka palamba, pakuti bampu iliyonse ya mumsewu inkasuntha mapepala n'kudinda mzere watsopano. Pambali pa mizereyo, pamimba penipeni, panali theorem ya Pythagoras yolembedwa chobwerera m'mbuyo.

Ahedi, amene nawonso anaphunzitsapo masamu, sanaseke. Anavala magalasi, anandiyandikira, anawerama, n'kuyamba kuwerenga mimba yanga kuchokera kumanja kupita kumanzere, chala chikutsata chilembo chilichonse. Atafika pa c² anandiuza kuti, “Bambo, taimani kaye kupuma, mukusuntha hypotenuse.” Ndinagwira mpweya, bambo wa ana, pamaso pa aphunzitsi anzanga, pamene iwo anapempha rula kwa aphunzitsi a jogalafe kuti ayeze mzere wa pafupi ndi thumba, ndipo analengeza kwa onse kuti ndi masentimita awiri ndendende. Kenako anabwerera ku umboni wa theorem ija, anautsatira modekha mpaka pa batani lachitatu, pamene unalowa m'kati mwa lamba, ndipo anati mbali yotsalayo aikhulupirira popanda kuiona. Amene akunena kuti anandilemba malikisi ndi choko chofiira paphewa akunama. Anangolembapo chizindikiro chaching'ono chosonyeza kuti ndakhoza.

Chimene anzanga safuna kutchula n'chakuti mdframed inachita zonse zimene ndinkafuna: mzere unali kumanzere kokha, ndipo pamene theorem inadutsa tsamba, mzerewo unapitirira bwinobwino pa tsamba lotsatira. Pa zilembo zonse za manotsi aja zovuta zinali ziwiri zokha, cm pamalo pa pt, ndipo ena amene akundiseka sadziwa ngakhale kumene kuli backslash, chizindikiro choyambira malamulo a LaTeX, pa kiyibodi.

Ana anawalandira manotsiwo momwemo, popeza ndalama yosindikizanso panalibe. Malaya aja mayi akunyumba anawaviika m'sopo usiku wonse, mizere inasanduka yotuwa, ndipo anagamula kuti ndi opitira kudimba. Mnyamata wosindikiza uja akufunabe ya inki.